Tauni ya pa Mtsinje wa Malire

Omvera ambiri mwina sanamvepo za Kudirkos Naumiestis. Ndi katauni ka m'dziko la Lithuania, ku Ulaya, pamalo pomwe mtsinje wa Širvinta umathira mu Šešupė. Tsidya linalo ndi dziko la eni, pakuti malire adutsa pamenepa kuyambira pa pangano la mtendere la m'chaka cha 1422.

M'chaka cha 1643 Mfumukazi Cecilia Renata inapatsa malowa ufulu wokhala tauni, niwatcha Vladislavov polemekeza mwamuna wake, Mfumu Władysław IV ya ku Poland. Pambuyo pake olamulira anasinthasintha: Prussia mu 1795, kenaka Russia kuyambira 1815. Patsidya panali Schirwindt, tauni ya Ajeremani, yoyang'anizana nayo maso ndi maso.

Mu 1864 boma la Russia linaletsa kusindikiza mabuku a Chilithuania m'zilembo za Chilatini, ndipo chiletsocho chinakhala zaka 40. Tsono mabuku ankasindikizidwa ku Prussia, makamaka ku Tilsit, ndipo anthu wamba ankawaolotsa malire usiku, akudziwa kuti wogwidwa amapita kundende kapena ku Siberia. Motero malire amene anaikidwa kuti alekanitse anthu ndiwo anapulumutsa chinenero.

M'masiku amenewo dokotala Vincas Kudirka, mkonzi wa nyuzipepala yoletsedwa yotchedwa Varpas, anadzakhala m'tauniyi akudwala chifuwa chachikulu. Mu 1898 anafalitsa nyimbo imene inadzakhala nyimbo ya fuko la Lithuania. Iye anamwalira mu 1899 ali ndi zaka 40, asanaone ufulu wa dziko lake, womwe unadza mu 1918. Mu 1934 tauniyo inatchedwa dzina lake.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasakaza magombe onse awiri. Mu 1941 Ayuda a m'tauniyi, amene anali gawo lalikulu la anthu ake, anaphedwa ndi chipani cha Nazi pamodzi ndi ochithandiza a komweko. Mu 1944 Schirwindt inaphwasulidwa pamene asilikali a Soviet Union ankalowa mu Germany, ndipo sinamangidwenso. Malowo tsopano amatchedwa Kutuzovo, m'chigawo cha Kaliningrad cha dziko la Russia.

Lithuania inapezanso ufulu mu 1990. Nyimbo ya Kudirka, imene inaletsedwa mu ulamuliro wa Soviet, ikuimbidwanso pafupi ndi manda ake. Koma kutsidya, kumene mabuku ankadzera, kwangotsala thengo.