Mafunso ndi Mayankho: Kodi Malamulo a Nkhondo Anachokera Kuti?

Funso: Pa wailesi tikumva za milandu ya pankhondo ku Sudan, ku Ukraine ndi ku Gaza. Nkhondo ndi kuphana. Nanga malamulo alowapo bwanji, ndipo anawayambitsa ndani?

Yankho: Mitundu yambiri inali ndi zoletsa zake pankhondo kuyambira makedzana, koma pangano limene mayiko amatsatira lero linayamba ndi munthu amene sanali msilikali n'komwe. Pa 24 Juni 1859 asilikali a France ndi Sardinia anamenyana ndi a Austria pa Solferino, kumpoto kwa Italy. Pomwe dzuwa linkalowa, anthu pafupifupi 40,000 anali atafa kapena kuvulala. Henry Dunant, wamalonda wa ku Geneva, anafika kumeneko ali pa ulendo wa zake. Anapeza ovulala ali ngundangunda, akubuula ndi ludzu, owatola palibe. Amene anatoledwa anawaunjika m'tchalitchi cha m'tauni ya Castiglione mpaka ena kugona panja. Dunant anathandizana ndi amayi a m'tauniyo kutunga madzi, kutsuka zilonda ndi kumanga mabala. Amayiwo sanafunse kuti uyu ndi wathu kapena ndi mdani. Aliyense wolira anamumwetsa.

Zimene anaonazo zinam'soŵetsa mtendere. Mu 1863 iye ndi anzake anayambitsa bungwe la Red Cross, ndipo mu 1864 mayiko 12 anasaina pangano loyamba la ku Geneva loteteza msilikali wovulala ndi womusamalira. Mu 1949 mapanganowo anakhala anayi: la ovulala pamtunda, la ovulala panyanja, la ogwidwa pankhondo, ndi la anthu wamba. Mfundo yake ndi imodzi: amene sakumenya nawo, kapena wasiya kumenya, asamuchite chipongwe. Kupha wogwidwa, kugwiririra amayi, kuphulitsa dala chipatala kapena kumana anthu wamba chakudya kuti afe ndi njala, yonseyi ndi milandu.

Funso: Alipo amene anazengedwapo mlandu wotere?

Yankho: Alipo. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, akuluakulu 22 a boma la Nazi anazengedwa mlandu ku Nuremberg mu 1945 ndi 1946. Mwa iwo 12 anagamulidwa kuti aphedwe, atatu anamasulidwa. Bwalo limenelo linasiya mfundo yolemera: mlandu umagwera munthu weniweniyo, osati dziko lake lokha, ndipo kunena kuti "ndinangotumidwa" sikumupulumutsa. Patadutsa zaka zambiri, bungwe la United Nations linakhazikitsa bwalo la milandu ya ku Yugoslavia mu 1993, ndi lina la ku Rwanda mu 1994, limene linkakhala ku Arusha. Kumeneko, mu 1998, Jean-Paul Akayesu, amene anali meya wa Taba, anapezeka wolakwa pa mlandu wopulula mtundu wa Atutsi.

Funso: Nanga khoti la ICC la ku The Hague linabwera bwanji?

Yankho: Mabwalo enawo ankamangidwa nyumba itapsa kale, lililonse la nkhondo imodzi. Mu 1989 dziko laling'ono la Trinidad and Tobago linadzutsanso ganizo lakale loti pakhale khoti lokhazikika. Pa 17 Julayi 1998, ku Rome, mayiko 120 anavomereza pangano lokhazikitsa khotilo, 7 anakana. Linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2002, chaka chomwe Malawi analowa nawo. Khotili limalowererapo pokhapokha makhoti a dziko lokhudzidwalo akalephera kapena akakana kuweruza. Woyamba kumupeza wolakwa anali Thomas Lubanga wa ku DR Congo, mu 2012, chifukwa chogwiritsa mfuti ana osakwana zaka 15. Anamupatsa zaka 14.

Funso: Bwanji akuluakulu ofunidwa akungoyendabe momasuka?

Yankho: Chifukwa khotili lilibe apolisi. Limatulutsa chikalata, koma ogwira munthuyo ndi mayiko, ndipo America, Russia, China ndi Israel sali m'panganoli. Mu Malichi 2023 linalamula kuti Vladimir Putin amangidwe pomuganizira kuti anachotsa ana ku Ukraine mosatsata lamulo. Mu Novembala 2024 linatulutsa zikalata za Benjamin Netanyahu ndi Yoav Gallant a ku Israel, ndi Mohammed Deif wa gulu la Hamas. Chikalata si chigamulo, ndipo maboma a Russia ndi Israel akukana milanduyi. Koma wosafika pabwalo sangaweruzidwe, kapena kuyeretsedwa.

Kuno kwathu tinaziona ndi maso. Mu Okutobala 2011 Omar al-Bashir wa ku Sudan, akufunidwa pa milandu ya ku Darfur, anabwera ku msonkhano wa COMESA n'kubwerera osagwidwa, ndipo khoti linadzudzula Malawi. Mu 2012 boma la mayi Joyce Banda linakana kumulandira, moti msonkhano wa African Union unasamuka ku Lilongwe kupita ku Addis Ababa.

Amene amadandaula kuti khotili lakhala likulemerera dzanja pa Afirika ali ndi mfundo, pakuti onse amene linayamba kuwapeza olakwa ndi a kuno. Koma ophedwa ku Ituri, ku DR Congo, ndi ku Darfur nawonso ndi a kuno. Mankhwala a tsankho si kumasula wolakwa wosauka, koma kuti wolakwa wamphamvu nayenso afike pabwalo.

Pangano la ku Rome limati milandu imeneyi siitha mphamvu chifukwa cha kupita kwa zaka. Ali Kushayb, mtsogoleri wa gulu lankhondo la Janjaweed, anatsogolera zopha ndi kuotcha midzi ku Darfur mu 2003 ndi 2004. Mu Okutobala 2025 anaimirira pamaso pa oweruza n'kumva kuti wapezeka wolakwa, patapita zaka zoposa 20. Mlandu suwola, malinga akhalepo oukumbukira ndi olimba mtima kumugwira mwini wake akafika pakhomo.