Lupanga Kapena Mpira

Ife a kuno kwa Malenga Chanzi, m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, timati mlandu suola. Anthu a ku Japan nawonso anali kukhulupirira zomwezo, mpaka anaziika m'malamulo. Pa ulamuliro wa banja la Tokugawa, kuyambira 1603 kufikira 1868, msilikali wa gulu la samurai akamuphera bambo kapena mkulu wake, anali kupempha chilolezo kwa mbuye wake, nanyamuka kukasaka wakuphayo, ngakhale kwa zaka zambiri. Chilolezocho chinali cha mwana wolipsira kholo, osati cha kholo lolipsira mwana. Mwambowu unaletsedwa mu 1873.

Patapita zaka pafupifupi 90, okonza kanema anaitembenuza nkhaniyi, nafunsa kuti: nanga bambo wosweka mtima achite chiyani? M'kanema wa Masaki Kobayashi wotchedwa Harakiri, wa mu 1962, mnyamata wosauka agulitsa lupanga lake chifukwa cha umphaŵi, mkazi ndi khanda lake akudwala. Akuluakulu a banja lotchuka la Ii amkakamiza kudzing'amba pamimba ndi lupanga lansungwi. Mkazi ndi khanda lija amwaliranso. Mpongozi wake, Tsugumo Hanshiro, amene analera mnyamatayo ngati mwana wake, alipsira nachititsa manyazi akuluakuluwo. Koma nayenso afera pomwepo, ndipo alembi a banjalo abisa zoona zake m'buku lao.

Kanema wina wa mu 1972, Lone Wolf and Cub, ngwoŵaŵa koposa. Ogami Itto, adani atamuphera mkazi, aika mpira ndi lupanga patsogolo pa mwana wake wokwaŵa, Daigoro. Akatola mpira, aphedwa kuti atsate amake; akatola lupanga, ayenda ndi bambo wake njira yamagazi. Mwanayo akwaŵira ku lupanga. Kodi anasankha yekha, kapena anangolandira mkwiyo wa bambo ngati choloŵa?

Funso limeneli silachilendo kwa ife. M'zaka za m'ma 1800, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anasandutsa Nkhotakota doko la akapolo. Zombo zake zinali kuolotsa anthu kutsidya, ulendo wa ku Kilwa. David Livingstone anakumana ndi Jumbe patsinde pa mkuyu mu 1863, koma malondawo sanathe kufikira m'ma 1890. Abambo ambiri anaima pagombe lino kuyang'ana ana ao akuzimirira pamadzi. Chifukwa chosungira mangaŵa anali nacho chokwanira.

Komabe lero zidzukulu za ogwidwa ndi za ogwira zimagula usipa pamsika umodzi, ana ao naphunzira m'kalasi imodzi. Mabala sanapole tsiku limodzi, ndipo mbiriyo sitiyenera kuibisa monga anachitira alembi a banja la Ii. Koma kuuza mwana zoona n'kosiyana ndi kumsenzetsa chidani.

M'midzi mwathu mikangano ya minda, maukonde ndi chuma chamasiye siisoŵa. Madzulo tikamafotokozera ana athu za amene anatilakwira, tikumbukire kuti mwanayo ali pamphasa, akukwaŵira chimene tamuikira pafupi.