Kudikira gemu ya eni pamene nkhani zathu zagona m'mapiri

Tsiku lina ndinakwera minibasi pa Mponela kupita ku Ntchisi boma. Kumpando wa kumbuyo kunali anyamata atatu, mitu itagundana pa foni imodzi yosweka galasi. Poyamba ndinayesa akukangana za mpira, poti mkangano wa m'minibasi ukapanda kukhala wa Bullets ndi Wanderers ndiye kuti ndi wa mtengo wa feteleza. Koma ayi ndithu. Nkhani inali ya gemu ya pa kompyuta yomwe eni ake anali asanalengeze n'komwe kuti akuipanga. Wina ankalumbira kuti kampani yaiyamba kale mobisa, umboni wake ati yalemba anthu atsopano ntchito. Mnzake ankamuseka kuti bodza lomweli amalimva chaka ndi chaka. Wachitatu anatengeka zedi mpaka kondakitala anachita kumukumbutsa kawiri za ndalama.

Ena mwa inu awerengi munena kuti izi n'zachibwana. Mwina n'zoona. Komabe mkangano wa anyamatawa uli ndi mbiri yake ya zaka makumi asanu, ndipo mbiriyo ili ndi phunziro kwa ife a kuno kumapiri.

Gemu imene ankakanganirayo ndi ya mtundu umene amautchula ndi zilembo zitatu, RPG. M'masewera otere wosewera amasanduka munthu wina wa m'nthano, kaya msilikali, kaya sing'anga, kaya mbava, n'kumayenda m'dziko lopeka. Akakumana ndi vuto amasankha yekha chochita: kumenya, kunyengerera kapena kuthawa. Chimene wasankhacho chimamutsata mpaka kumapeto a nkhani. Gwero lake silinali pa kompyuta ayi. M'chaka cha 1974 ku America, a Gary Gygax ndi a Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons, masewera a patebulo ofuna pepala, pensulo ndi madayisi basi. Mmodzi amakamba nthano, enawo n'kumayankha ngati anthu a m'nthanomo. Amene munakulira kumudzi mukukumbuka momwe agogo ankayambira nthano pamoto ife n'kumavomera. Kusiyana kwake n'kwakuti apa omvera amaloledwa kukhotetsa nkhani.

Makompyuta atayamba kulowa m'nyumba za anthu, masewerawa anasamukira komweko. Ultima ndi Wizardry anatuluka mu 1981, ndipo ku Japan kunabwera Dragon Quest mu 1986 ndi Final Fantasy mu 1987. Koma zaka zimene okonda masewerawa amazikumbuka ngati za mwanaalirenji ndi za kumapeto kwa m'ma 1990, nthawi imene kuno tinali titangolowa kumene m'ndale za zipani zambiri, kompyuta ikuoneka mu ofesi mokha. Kampani ya Interplay ya ku California inatulutsa Fallout mu 1997. Chaka chotsatira kunabwera Baldur's Gate, yopangidwa ndi BioWare, kampani ya ku Edmonton ku Canada yomwe anaiyambitsa ndi madokotala a zachipatala. Planescape: Torment inatuluka mu 1999, Baldur's Gate II mu 2000. Anali masewera a kuwerenga kwambiri, oti munthu amatha milungu asanawamalize.

Kenaka zinthu zinatembenuka. Interplay inalowa m'mavuto a ndalama, ndipo mu Disembala 2003 inatseka nthambi yake ya Black Isle Studios. Fallout yachitatu, imene ankaipanga pansi pa dzina lobisa la Van Buren, inafera m'mazira. Baldur's Gate yachitatu nayo inathera panjira chaka chomwecho. Makampani akuluakulu anagamula kuti masewera a kuwerengawerenga alibe msika, achinyamata akufuna za mfuti ndi liwiro.

Apa ndi pamene mphekesera zinakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku cha okonda masewerawa. Wopanga gemu akangosintha ntchito, ati pali china chikuphikidwa. Kampani ikalembetsa dzina ku boma, ati tayambapo. Mu 2007 kachidutswa ka Van Buren kanadontha pa intaneti, ndipo anthu anakapenda ngati momwe achibale amapendera zovala za malemu. Chaka chomwecho kampani ya Bethesda inagula dzina la Fallout, n'kutulutsa Fallout 3 mu 2008. Inagulidwa kwambiri, koma kwa okonda zakale inali ngati mwana wa dzina la agogo koma nkhope ya kwina.

Zaka zonsezo mphekesera sizinabale gemu ndi imodzi yomwe. Ntchito imene zinagwira ndi yosunga moto kuti usazime. Chimene chinabweza masewera akalewa ndi chipereganyu. Mu 2012 a Brian Fargo, amene anayambitsa Interplay, atatopa ndi kukanidwa ndi makampani a ndalama, anapempha anthu wamba kudzera pa Kickstarter kuti asonkhe madola 900,000 opangira Wasteland 2. Anthu anasonkha oposa madola 2.9 miliyoni. Mu Seputembala chaka chomwecho kampani ya Obsidian, yoyambitsidwa ndi anthu ochokera ku Black Isle, inapempha madola 1.1 miliyoni, ndipo anthu pafupifupi 74,000 anaponya ndalama zokwana pafupifupi madola 4 miliyoni. Wasteland 2 inatuluka mu 2014, Pillars of Eternity ya Obsidian mu 2015. Mutu umodzi susenza denga. Anthu amene ankanenedwa kuti kulibe anaonekera ndi ndalama m'manja.

Kuyambira pamenepo eni makampani anazindikira kuti manong'onong'o ndi malonda. Kumapeto kwa Meyi 2019 kampani ya Larian ya ku Ghent m'dziko la Belgium inangoonetsa chizindikiro cha nambala yachitatu popanda mawu. Okonda gemu anafukula m'kati mwa kanemayo n'kupezamo dzina la Baldur's Gate, ndipo patangotha masiku ochepa kampani inavomera. Gemuyo inatuluka mu Ogasiti 2023, patatha zaka 23 chitulukire yachiwiri, ndipo inapata mphoto ya gemu yopambana ya chakacho. Mu Malichi 2024 mkulu wa Larian, a Swen Vincke, ananena poyera kuti sapanganso Baldur's Gate ina, ndiye mphekesera zinayambiranso. Kumapeto kwa 2025 chifanizo choopsa chinaimikidwa m'chipululu cha Mojave ku America, anthu n'kumalota mayina a magemu osiyanasiyana, mpaka mu Disembala zinadziwika kuti ndi Larian yomweyo ikubwerera ku dzina lake lakale la Divinity. Nawonso okonda Fallout sagona tulo: Microsoft inagula Obsidian mu 2018 ndi Bethesda mu 2021, choncho amati poti eni dzina ndi amisiri akale ali m'khola limodzi, china chake chibadwa basi.

Tsono tibwerere kwathu. Munthu wa ku Dowa kapena ku Ntchisi sangadabwe ndi khalidwe lodikira chinthu chokonzedwa mobisa. Kuno ndi kuchimake kwa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Ndisanalakwe, Gule si masewera, ndi mwambo wa mizimu, ndipo za kudambwe sitikamba m'nyuzipepala. Ndikunena zokhazo zimene aliyense amaona pabwalo. Kukakhala mpalo kapena kulonga ufumu, mudzi wonse umayamba kunong'ona masiku akadalipo: kodi kutuluka chilombo chanji chaka chino? Njovu ibwera? Nanga a mudzi wakuti abwera ndi chiyani? Amayi pachitsime ali ndi maganizo awo, anyamata pagolosale ali ndi awo, ndipo odziwa zenizeni ali chete.

Chimene chasunga Gule zaka mazana onsewa n'chakuti chakale chimabwera chitanyamula chatsopano. Chadzunda ndi Kasiyamaliro sasowa, koma pambali pawo panatuluka Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, panatuluka Maliya, kenaka Galimoto. Amishoni ataletsa akhristu awo kulowa Nyau, bwalo linawayankha powasandutsa zilombo. Amene akufuna kuona kuchuluka kwa nzeru imeneyi apite ku Mua m'boma la Dedza, kumene malo a Kungoni, oyambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, asunga nkhope za Gule mazanamazana. Opanga magemu a ku Belgium ndi ku California anatulukira mochedwa zimene makolo athu ankadziwa kale, kuti khamu limafuna chimene likuchidziwa koma limafunanso kudzidzimuka.

Nanga nkhani zoti munthu n'kusankhapo njira, monga RPG imafunira, kodi kuno zikusowa? Taganizani muli nyakwawa ya Achewa m'mapiri a Dowa m'chaka cha 1889. Angoni a Chiwere akhazikika m'dziko, ndipo nkhondo zawo zathawitsa anthu ambiri. Akuluakulu amasimba kuti ena ankabisala m'nkhalango ya phiri la Ntchisi. Mu Novembala chaka chomwecho azungu awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, a A.C. Murray ndi a T.C.B. Vlok, amanga msasa pa Mvera ndi chilolezo cha Chiwere. Mu 1894 a Robert Blake atsegula mishoni ina pa Kongwe. Inu mutani? Mupereka msonkho kwa Angoni kuti mudzi upulumuke? Muthawira kuphiri n'kusiya manda a makolo? Mutumiza mphwanu kusukulu ya mishoni, podziwa kuti akabwerako adzakana dambwe? Njira iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo zidzukulu za amene anasankha njira zimenezi ndi ife amene tikukwera minibasi lero. Onjezanipo Dzaleka, imene inali ndende ya akaidi a ndale m'nthawi ya Kamuzu, n'kusanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994, lero mukukhala anthu oposa 50,000. Nkhani zoterezi wolemba wa ku Canada angazilipire ndalama zambiri kuti azipeze.

Wina anena kuti gemu imafuna magetsi osathimathima, makompyuta amphamvu ndi ndalama zimene sitinazionepo. N'zoona, ndipo tisanamizane kuti mawa lino Mponela atulutsa Baldur's Gate. Komatu ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, kumene magetsi amavutanso, a Olivier Madiba ndi anzawo a Kiro'o Games anatulutsa mu 2016 RPG yotchedwa Aurion: Legacy of the Kori-Odan, nkhani ya mfumu ndi mkazi wake olandidwa ufumu pa tsiku la ukwati wawo. Ndalama zake anachita kusonkhetsa kwa anthu. Ndipo pa Dzaleka pomwepa, a Remy Gakwaya ochokera ku Burundi anayambitsa TakenoLAB, sukulu yophunzitsa achinyamata kulemba mapologalamu a kompyuta. Kumbukiraninso kuti a Gygax ndi a Arneson anayamba ndi pepala ndi pensulo.

Chenjezo lilipo limodzi. Tikapanda kuzigwira tokha nkhanizi, adzazigwira ena. Tsiku lina tidzaona Kasiyamaliro pa kompyuta atasanduka chinyama choti mwana wa ku London azichiwombera, popanda mfumu ndi imodzi yomwe ya Achewa yofunsidwa. Mwana wa kuno yekha ndi amene amadziwa pothera bwalo ndi poyambira dambwe, choti n'kuonetsa ndi choti n'kusiya.

Titafika pa Ntchisi boma anyamata aja anatsika akadakangana, bandulo itawathera. Sindinawadzudzule, poti mphekesera zotere ndi zimene zinasunga masewera awo okondedwa zaka za chilala. Ndinangolakalaka mmodzi wa iwo akadakweza maso kuona phiri limene linali patsogolo pake, n'kukafunsa agogo ake kuti anthu ankabisala pati ndipo ankadya chiyani. Agogo amenewo sakhala nafe mpaka kale. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.