Mukupita ku UK kukaphunzira? Dziwani izi za chipatala ndi mayendedwe

Sepitembala akayandikira, achinyamata athu amakwera ndege kukayamba sukulu ku UK. Ndasonkhanitsa mfundo zingapo kuti musakasowe pogwira.

Tiyambe ndi chipatala. Pofunsira viza mumalipiriratu ndalama ya zaumoyo, mapaundi 776 pachaka kwa wophunzira, ndiye musamaope kupita ku NHS. Koma sizili ngati kwathu kuno, kongolawirira n'kukaima pamzere. Mumayamba mwalembetsa kwa dokotala wa m'dera lanu, amene amati GP. Kulembetsako n'kwaulere, chitani sabata yoyamba yomweyo, osadikira kudwala. Mukadwala usiku imbani 111, zikafika poipa 999. Ku England mankhwala aliwonse amene dokotala wakulemberani ndi mapaundi 9.90, pomwe ku Scotland ndi ku Wales simulipira.

Apa ndiye nditsindike: thupi likatentha mutangofika kumene, muuzeni dokotala kuti mwachokera ku Malawi, akuyezeni malungo. Kumeneko malungo sawaganizira msanga, ndipo kuchedwa kumatayitsa moyo.

Kumbali ya mayendedwe, mabasi a ku London salandira ndalama yapamanja. Mumagunditsa khadi la kubanki kapena la Oyster. Basi siimaima paliponse ngati minibasi zathuzi. Dikirani pasiteji, ikamabwera kwezani dzanja, potsika dinani belu. Sitima ndiye n'zodula, choncho gulani 16-25 Railcard imene imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo. Olo mwadutsa zaka 25, bola muli pasukulu nthawi zonse, akupatsani. Tikiti yogula kudakali masiku imatsikako mtengo, ndiye osamagula tsiku la ulendo.