Akaidi Amene Anaoloka Nyanja Yaikuru

Inu omvera a ku migodi ndi a m'matauni, madzulo ano tikambe za cilango cimene Angerezi anali kupereka kwa anthu a mtundu wao womwe. Masiku akalewo munthu wakuba nkhosa ku Mangalande anali kunyongedwa, ndipo akamcitira cifundo anali kumtumiza kutsidya la nyanja zaka 7, zaka 14, kapena moyo wace wonse.

Poyamba akaidi ameneŵa anali kupita ku America. Dzikolo litakana ulamuliro wa Angerezi mu 1776, ndende zinadzala, kotero kuti Boma linayamba kusunga anthu m'ngalawa zakutha pa mtsinje wa Thames. Pamenepo linaganiza za Australia. Mu May 1787 ngalawa 11 zinanyamuka ku Portsmouth, mtsogoleri wace Arthur Phillip, zitatenga akaidi oposa 700, ndipo zinakoceza ku Sydney pa 26 January 1788. Ulendo waciŵiri, wa mu 1790, unali woopsya koposa, pakuti mwa akaidi anai alionse mmodzi anafera panjira ndi njala ndi nthenda.

Amene anafika amoyo anagwira nchito ya thukuta popanda malipiro. Ena analima minda ya eni cuma, ena analambula miseu ali ndi unyolo kumiyendo, enanso anakumba malasha m'migodi ya ku Newcastle. Wosamvera anali kukwapulidwa, kapena kutumizidwa ku Norfolk Island ndi ku Port Arthur. Wa khalidwe labwino anali kulandira citupa comlola kudzifunira yekha nchito, koma osaturuka m'dera limene anamlembera. Inu amene munayendapo ndi citupa m'thumba mudziŵa kulemera kwace. Ena anadzalemera ndithu, monga Mary Reibey, amene anagwidwa ali mtsikana cifukwa ca kavalo wakuba, nadzakhala wamalonda wochuka ku Sydney. Koma eni dziko, anthu akuda ochedwa Aborigines, analandidwa nthaka yao, ndipo ambiri anatha ndi nthomba ndi mfuti.

Si onse anali mbala. M'mudzi wa Tolpuddle, m'cigawo ca Dorset, anchito a pafamu anaona malipiro ao a pa sabata akutsika kucokera pa masheleni 9 kufika pa 7. George Loveless, mlaliki wa Methodist, ndi anzace anapangana kuyamba bungwe la anchito. Lamulo silinali kuletsa mabungwe otere, motero oweruza anawagwira pa mlandu wa kulumbira mobisa, natsata lamulo la mu 1797 limene linaikidwa cifukwa ca kupanduka kwa amalinyero. Mu 1834 amuna 6 anaweruzidwa zaka 7. Loveless anapita ku Tasmania, ndipo anzacewo ku New South Wales.

Anchito anzao sanakhale cete. Khamu lalikuru linayenda m'miseu ya London, ndipo anthu 800,000 analemba maina ao pa kalata yodandaula ku Boma. Mu 1836 amunawo anakhululukidwa, ndipo Loveless anafika kwao mu 1837. Pambuyo pace asanu anasamukira ku Canada. James Hammett yekha ndiye anakalambira ku Tolpuddle.

Ngalawa yotsiriza ya akaidi inafika ku Western Australia mu 1868, anthu ngati 162,000 ataoloka kale. Pamene anchito a ku migodi yathu anayamba bungwe lao mu 1949, mtsogoleri wao Lawrence Katilungu, anayenda m'njira imene amuna 6 aja anailambula ali m'maunyolo.