Siginecha ya Akauntanti ndi Mlimi wa Khofi wa ku Misuku

Ambiri mwa ophunzira zowerengera ndalama ali ndi dandaulo limodzi. Munthu wavutika zaka zinayi kukoleji, digiri ili m'manja, koma akumuuza kuti alembenso mayeso a ICAM, agwire kaye ntchito pansi pa ena, kenako alembetse asanaloledwe kusaina mabuku a kampani. Ena amati akuluakulu anangokonza njira yotsekera achinyamata pakhomo. Dandauloli n'lomveka, koma mbiri ikuonetsa kuti chiphasochi sanachikonzere akauntanti. Anachikonzera munthu amene ndalama zake zili m'mabukumo koma sadzawatsegula, monga mlimi wa khofi wa ku Misuku m'boma la Chitipa.

Nkhaniyi inayambira kutali. Makampani atakula ku Ulaya, eni ndalama anasiya kuyendetsa okha mabizinesi awo, ndipo panafunika munthu wapadera wotsimikiza kuti zolembedwa m'mabuku n'zoona. Mu 1854 bungwe la maakauntanti a mumzinda wa Edinburgh ku Scotland linavomerezedwa ndi ufumu wa Britain. Mu 1896 boma la New York ku America linakhazikitsa lamulo loti dzina la CPA lizigwiritsidwa ntchito ndi okhawo amene boma lawapatsa chiphaso. Kuyambira pamenepo, siginecha ya oditala inasanduka lonjezo kwa anthu onse.

Kuno kwathu, maakauntanti anayambitsa bungwe lawo la SOCAM mu 1969, patangopita zaka zisanu dziko litalandira ufulu. Mu 1981 kunabwera lamulo la Public Accountants and Auditors Act, lomwe linakhazikitsa Malawi Accountants Board kuti liziyang'anira ntchitoyi, komanso bungwe la PAEC lolembetsa mayeso. Mu 2013 lamuloli linalembedwanso. SOCAM ndi PAEC zinaphatikizidwa kukhala ICAM, pomwe Malawi Accountants Board inapatsidwa mphamvu zoyang'anira bungwe latsopanoli ndi kuunika ntchito ya maoditala. Nzeru yake inali yakuti gulu la akatswiri lisamadziweruze lokha. Dziko la America linaphunzira zimenezi mowawa: kampani ya Enron itagwa mu 2001, kampani yaikulu ya maoditala ya Arthur Andersen, yomwe inkasaina mabuku ake, inagwanso chaka chotsatira.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chaka chomwecho cha 2013 ndi chimene kunaphulika nkhani ya Cashgate. Mu Seputembala, mkulu woona za bajeti, a Paul Mphwiyo, anawomberedwa ku Lilongwe, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti ndalama za boma zinkatuluka kudzera mu IFMIS kupita ku makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse. Kampani ya Baker Tilly ya ku Britain itafufuza, inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la bajeti, ndipo amene anamva ululu ndi odwala m'zipatala ndi ana m'masukulu. Malamulo analipo, ngakhale a kayendetsedwe ka chuma cha boma a 2003, koma madzi akatayika saoleka.

Nanga zonsezi zikumukhudza bwanji munthu wa ku Chitipa, boma la kumalire a Tanzania ndi Zambia lomwe kale linkatchedwa Fort Hill? Zikumukhudza kawiri. Choyamba, alimi a khofi a m'mapiri a Misuku amagulitsa mbewu yawo kudzera mu kopaletivi yomwe ili pansi pa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Mlimi amapereka khofi wake pasikelo, koma saona wogula, saona mtengo wa kunja, saonanso ndalama zimene zapita pa mayendedwe ndi malipiro a antchito. Pamsonkhano wapachaka amangomva lipoti. Chomwe chimamupatsa mtima wokhulupirira lipotilo ndi munthu wosakondera amene waunika mabukuwo, yemwe akanama akhoza kulandidwa chiphaso.

Chachiwiri ndi khonsolo. Chiyambire lamulo la maboma aang'ono la 1998, ndalama zambiri za chitukuko, kuphatikizapo za CDF, zimadutsa kumakhonsolo. Mlatho wa ku Nthalire kapena chipinda chophunziriramo ku Kameme chimayamba ngati nambala m'buku la ofesi ya zachuma paboma. Mabuku amenewa amaunikidwa ndi ofesi ya Auditor General, koma oditala amafika ntchito itachitika kale. Amene angaletse cheke chabodza chisanatuluke ndi akauntanti wa tsiku ndi tsiku, ndipo amalimba mtima kukana bwana wake ngati akudziwa kuti kusaina zabodza kungamuthere ntchito moyo wake wonse.

Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Makampani akuluakulu a maoditala ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo achinyamata ambiri opambana mayeso amalakalaka kugwira ntchito kubanki kapena kumabungwe a m'tauni. Chitetezo cha lamulo chimachuluka komwe kuli ndalama zambiri, n'kumachepa komwe kuli anthu osauka amene kutaya K50,000 kumatanthauza mwana kusiya sukulu.

Choncho m'malo mopempha kuti mayeso afewetsedwe, tipemphe kuti ndalama zolembera zikhale zoti mwana wa mlimi angakwanitse, kuti zaka zogwira ntchito kukhonsolo kapena ku kopaletivi zizilemekezedwa ngati za ku Blantyre, komanso kuti malipoti a maoditala azifotokozedwa m'zinenero za anthu, kaya Chilambya, Chisukwa kapena Chindali. Chiphaso chimene mwini ndalama sangachigwiritse ntchito pofunsa mafunso chimangokhala chokongoletsera khoma la ofesi.