"Makirisipi a tchizi": kaliwu kamodzi kakubisa chimanga

M'Chichewa muli kaliwu kamene timakasenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Ndi kaja kolumikiza mayina awiri: wa, ya, cha, la, a. Timati nsima ya mgaiwa, nsima ya alendo, nsima ya masana, ndipo palibe amasokonezeka, ngakhale kuti "ya" woyamba akunena za ufa umene nsimayo yaphikidwa nawo, wachiwiri akunena za oidya, wachitatu za nthawi yoidyera. Womvera amakwaniritsa yekha tanthauzo chifukwa nsima amaidziwa. Koma chinthucho chikakhala chachilendo, womvera alibe pogwira, ndipo kaliwu kaja kamamusocheretsa. Ndi mmene zilili ndi mawu amene akumveka masiku ano pakati pa otsata kadyedwe ka keto, akuti "makirisipi a tchizi".

Tiyambe ndi kadyedwe kameneka, popeza dzina lake lomwe likutchulidwa mosasamala. Kanayambira m'chipatala, osati m'nyumba zolimbitsira thupi. Madokotala anali ataona kuti odwala khunyu akasala kudya, kugwa kumachepa. Koma munthu sangasale mpaka kalekale. M'chaka cha 1921, Dr. Russell Wilder wa ku Mayo Clinic, mumzinda wa Rochester ku Minnesota, anapereka nzeru yakuti thupi likhoza kuchita ngati lasala pamene mwini wake akudya, malinga apatsidwe mafuta ambiri ndi kumanidwa sitachi ndi shuga. Zikatero chiwindi chimaphwanya mafuta n'kutulutsa makitoni, ndipo ubongo umatenga mphamvu kuchokera mwa iwo. Mankhwala a khunyu a phenytoin atabwera m'chaka cha 1938, njirayi inayamba kuiwalika, mpaka pamene bungwe la Charlie Foundation, limene linakhazikitsidwa mu 1994, linaidzutsanso. Amene amaitsata lero pofuna kuchepetsa thupi kawirikawiri amadziikira malire a magalamu 20 mpaka 50 a sitachi ndi shuga patsiku.

Ndiye wotsata keto asamati "ndikusala kudya", chifukwa akudya. Kusala kudya ndi kwa pa Ramadan ndi kwa mapemphero, pamene pakamwa sipalowa kanthu. Iye akusala zakudya zakutizakuti, monga mmene wina amasalira nyama ya nkhumba uku akudya zina zonse. Mawu akuti "dayeti" nawonso sakwanira, chifukwa kwathu womva kuti "ndili pa dayeti" amangoganiza za munthu wodya pang'ono. Tili nalo dzina loyenera, lopangidwa monga timapangira kavalidwe, kayendedwe ndi kalankhulidwe: kadyedwe. Abale athu a ku Joni amamva kwambiri dzina lakuti Banting, lochokera kwa William Banting wa ku London amene analemba kabuku ka kuchepetsa thupi mu 1863, dzina limene Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town analitchukitsanso ndi buku la The Real Meal Revolution mu 2013. Banting ndi keto n'zapachibale, koma si mapasa: Banting amachepetsa sitachi, pamene keto wa kuchipatala amayeza chakudya chilichonse pasikelo.

Tsopano ku makirisipi aja. Pansi pa dzina limodzili pakubisala katundu wamitundu iwiri wosiyana kotheratu.

Woyamba ndi tchizi yekhayekha amene wawotchedwa kapena kuumitsidwa mpaka kuuma gwa. Si luso latsopano. Ku Friuli, kumpoto chakum'mawa kwa Italy, anthu akhala akusungunula tchizi wa Montasio m'chiwaya kufikira atasanduka kachimbale kopyapyala kofiirira, kamene amakatcha frico. Amene anapalapo nkhoko pansi pa mphika wa nsima akudziwa maonekedwe ake ndi mmene kamathyokera. Ku America zoterezi zimagulitsidwa m'mapaketi a mayina monga Whisps ndi ParmCrisps, ndipo kukhitchini mukhoza kudzipangira: timilu ta tchizi wonyenyanyenya papepala lophikira, mu uvuni wotentha pafupifupi madigiri 200, kwa mphindi zochepa, kenako n'kudikira kuti tizizire tilimbe. Tchizi wouma wokhalitsa ndiye woyenera. Parmigiano Reggiano saloledwa kugulitsidwa ndi dzinalo asanakhale miyezi 12, ndipo pofika nthawi imeneyo shuga wa mumkaka amakhala atadyedwa kale ndi tizilombo towawasitsa mkaka. N'chifukwa chake magalamu 28 a makirisipi otere amakhala ndi sitachi ndi shuga wosapitirira galamu imodzi kapena awiri.

Wachiwiri ndi ufa wa chimanga wofufumitsidwa ndi makina, wokazingidwa kapena kuwotchedwa, n'kuwazidwa ufa wachikasu wonunkhira tchizi. Umu ndi mmene amapangira Cheetos, amene anayamba kugulitsidwa ku America mu 1948, ndi Nik Naks a ku South Africa. Akuluakulu ndi ana omwe a ku Malawi akuwadziwa achibale ake, ma Kamba Puffs. Palibe cholakwa ndi zokhwasula zimenezi kwa munthu wodya zonse, ndipo mapaketi ake sabisa kuti muli chimanga. Koma mu zoterezi sitachi imatha kupitirira theka la kulemera kwake. Kapaketi kamodzi ka magalamu 28 kakhoza kukhala ndi magalamu 15, ndiye kuti munthu wodziikira malire a magalamu 20 patsiku wangotsala ndi asanu dzuwa lisanafike pamutu.

Zonse ziwirizi tikuzitcha "makirisipi a tchizi". Chingerezi cha papaketi chimasiyanitsa, chifukwa malamulo a zolemba pa zakudya amakakamiza: kwina alemba cheese flavoured, kwina alemba kuti tchizi ndiye chokhacho chili m'katimo. Ife pomasulira timafafaniza kusiyanako, ngati kuti chinenero chathu chilibe mawu. Chili nawo ochuluka. Chinthu chikhoza kukhala chopangidwa ndi tchizi, chosakanizidwa ndi tchizi, chowazidwa tchizi, chokometsedwa ndi tchizi, kapena chongonunkhira tchizi. Mawu asanu, masitepe asanu, kuchokera pa tchizi weniweni kufika pa fungo lokha. Mayi aliyense amadziwa kuti phala lothira nsinjiro si chiponde. Wotsata keto akufuna choyambacho, ndipo wotumidwa kusitolo auzidwe momveka kuti: "Mundigulire makirisipi opangidwa ndi tchizi yekha, opanda ufa." Mawu akuti "yekha" ndi "opanda ufa" ndiwo akugwira ntchito imene "a" walephera.

Liwu lachiwiri lofunika kulisamala ndi "shuga". Kwathu liwu limeneli lili ndi ntchito zitatu: ndi wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa amene timathira mu tiyi, ndi wa m'magazi amene amayeza kuchipatala, ndiponso ndi dzina la matenda, monga tikamati "agogo ali ndi shuga". Tsono wogulitsa akanena kuti "izi mulibe shuga", akunena zoona za shuga woyamba uja: sanathiremo wa m'paketi, ndipo lilime likuvomereza, pakuti zokhwasulazo n'zamchere. Koma wogula akumva za shuga wachiwiri, kuti sizikweza wa m'magazi. Apa ndi pamene chinenero chimavulaza munthu popanda wonama. Sitachi ya chimanga, ya tirigu, ya mbatata ndi ya chinangwa ikagayidwa m'mimba imasanduka shuga yemweyo wa m'magazi. Chosatsekemera pakamwa chikhoza kutsekemeretsa magazi.

Kusukulu ndi kusikelo ya ana timaphunzitsidwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo chimanga, mpunga, chinangwa ndi mbatata timazitcha zakudya zokhutitsa. Dzinali ndi labwino pophunzitsa kudya zakasinthasintha, koma silikwanira pomasulira liwu la carbohydrate, chifukwa uchi ndi zakumwa zotsekemera sizikhutitsa koma zili m'gulu lomwelo. Ena amalemba "makabohaidireti", ndipo sindiwaletsa, koma agogo aja sangalimve. Ine ndikuti tinene zinthu ziwirizo pamodzi nthawi zonse: sitachi ndi shuga. Funso la kusitolo lisakhale lakuti "muli shuga?" koma lakuti "muli sitachi ndi shuga wochuluka bwanji?"

Yankho lake lili kuseri kwa paketi, osati kutsogolo kumene kuli zithunzi. Mndandanda wa zopangira umalembedwa kuyambira cholemera kwambiri kutsikira ku chochepa. Ngati choyamba ndi chimanga, bwezani pashelefu. Ngati choyamba ndi tchizi, pitirizani kuwerenga, chifukwa sitachi ndi shuga zimalowa ndi mayina ambiri: maltodextrin, dextrose, tapioca amene ndi chinangwa, ufa wa mpunga, ufa wa mbatata. Ngakhale tchizi wogulitsidwa atanyenyedwa kale nthawi zina amathiridwa sitachi ya mbatata kuti asamatirirane, choncho wodzipangira kunyumba agule chibuma anyenye yekha. Womasulira nkhani za zakudya asamasiye mayina amenewa ali chilili ngati mayina a mankhwala. Alembe dzinalo monga lilili papaketi kuti wogula alizindikire, kenako anene poyera kuti chimenechi ndi sitachi kapena shuga.

Manambala nawo ali ndi chinenero chawo, ndipo chimasiyana malinga ndi dziko. Paketi ya ku America imaphatikiza faiba m'chiwerengero cha sitachi ndi shuga, n'chifukwa chake otsata keto a kumeneko amachotsera faibayo kuti apeze chimene thupi ligaye. Paketi ya ku Britain ndi ya mayiko a European Union imalemba faiba payokha, kotero palibe chochotsera. M'bale wa ku Leicester amene wamva malangizo a ku America n'kuchotseranso faiba papaketi ya ku Britain wachotsera kawiri, ndipo akudzinamiza. Komanso lamulo la ku America limalola kulemba 0 ngati gawo limodzi lili ndi zosakwana theka la galamu. Onaninso kuti nambalayo ndi ya magalamu 100 kapena ndi ya gawo limodzi. Gawo limene amanena papaketi si paketi yonse, ndipo si mlingo umene dzanja limatapa munthu akuonera mpira. Tikamamasulira, tinene kuti "gawo loyezedwa la magalamu akutiakuti", tisamangoti "kudya kamodzi".

Liwu lachitatu ndi "mafuta". Talizolowera ngati mdani, moti "chopanda mafuta" chimamveka ngati chiyamikiro. Pa keto zinthu zatembenuka: tchizi wochepetsedwa mafuta ndiye wosafunika. Koma apa pali mbuna ina. Anthu amati tchizi ndi "chakudya chamafuta" n'kulekera pomwepo, pamene mu magalamu 100 a Parmigiano Reggiano muli mafuta pafupifupi magalamu 30 ndi mapuloteni opitirira pang'ono magalamu 30. Keto wa kuchipatala, wa ana odwala khunyu, kawirikawiri amafuna magalamu anayi a mafuta pa galamu imodzi ya mapuloteni, sitachi ndi shuga zitaphatikizidwa. Makirisipi opangidwa ndi tchizi yekha ali kutali ndi mlingo umenewo. Ndiye mawu akuti "oyenera keto" ali ndi matanthauzo awiri: kwa wofuna kuchepetsa thupi akutanthauza kuti sitachi ndi shuga n'zochepa, kwa kholo la mwana wodwala sakutanthauza kanthu kufikira katswiri wa zakudya atawerengera. Wolemba Chichewa anene kuti akulankhula ndi uti. Asaiwalenso mchere: tchizi wouma ndi wamchere kale, madzi akauma mcherewo umatsala wonse, ndipo bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kusapitirira magalamu 5 a mchere patsiku. Wodwala BP amve zimenezi m'chinenero chake.

Pali mawu enanso awiri ofanana pomveka amene sayenera kusakanizidwa: ketosis, pamene makitoni akwera pang'ono chifukwa cha kadyedwe, ndi ketoacidosis, pamene akwera mopitirira muyeso magazi n'kusanduka asidi, makamaka kwa odwala shuga osowa insulin. Choyambacho ndicho otsata keto amachifuna; chachiwiri chimapha ngati munthu sathamangira naye kuchipatala. Wowulutsa pawailesi akazitcha zonse "makitoni m'magazi" wasiya womvera pangozi. Ndipo aliyense amene akumwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin asayambe kadyedweka asanaonane ndi dokotala wake, chifukwa sitachi ikachepa mankhwala akadali omwewo, shuga wa m'magazi akhoza kutsika mpaka munthu kukomoka.

Ena ati ndikulimbana ndi zazing'ono, kapena ati ndikudana ndi mawu obwereka. Ayi. "Tchizi" ndi liwu lathu tsopano, monga shuga, buledi ndi batala. Kaya munena "tchizi weniweni" kaya "tchizi chenicheni", sindikutsutsani, malinga musasinthesinthe m'nkhani imodzi. "Makirisipi" nalonso likhale, chifukwa "tchipisi" tinapatsa kale mbatata ya pachiwaya, ndipo wotumidwa "tchipisi cha tchizi" akhoza kubwera ndi chinthu chachitatu. Chimene ndikukana ndi kubwereka dzina n'kutaya mawu ofotokoza amene tili nawo kale. Tili ndi kukukuta, kumene mano amachita ndi chimanga chokazinga, ndipo n'kosiyana ndi kutafuna ndi kubwira. Tili ndi kuwaza, kuthira, kusakaniza, kukometsa, kunyenya, kuumitsa. Ndi mawu a kukhitchini, olondola kuposa ambiri amene timawatola pa intaneti.

Pempho langa kwa olemba nkhani za zaumoyo, omasulira, owulutsa mawu ndi ogulitsa m'masitolo ndi ili: pamene thanzi la munthu likudalira chimene chili m'paketi, musalole "a" ayime yekha. Ikani mneni pakati pa mayina awiriwo, unene chimene tchiziyo wachita m'menemo. Mukatero mwawonjezera mawu awiri kapena atatu okha, koma wogula adziwa ngati wanyamula mkaka wouma kapena chimanga chovala chikasu.